Zimene amai a mumpingo amalemba akakhala okha

Mwezi uno tiri ndi buku limodzi lokha loti tikambirane, buku la nthano zifupizifupi. Dzina lake pa Cingelezi ndi The Secret Lives of Church Ladies, ndiye kunena kuti moyo wam'seri wa amai a mumpingo. Mlembi wake ndi mai Deesha Philyaw, munthu wakuda wa ku America, wobadwira ku Jacksonville m'cigawo ca Florida, amene adakhalanso zaka zambiri mumzinda wa Pittsburgh. Bukuli lidatuluka mu 2020 ku West Virginia University Press, ndipo mu 2021 lidalandira mphoto ziwiri zazikulu za olemba nthano m'dzikolo, PEN/Faulkner Award ndi The Story Prize. Muli nthano 9. Zonse zikamba za akazi akuda, asungwana, amai ndi agogo omwe, amene adaleredwa ndi chalichi kum'mwera kwa United States.

Tineneretu kuti si buku loti mulitenge n'kukaliwerenga mokweza m'kalasi. Liri m'Cingelezi, ndiponso limakamba za kucipinda poyera, ndi mau oti munthu sangawachule pamaso pa apongozi. Nanga talibweretseranji pano? Cifukwa cake ndi ici. Nthano zingapo za m'bukuli zidalembedwa ngati mapepala amene mkazi walemba ndi dzanja lake: ina ndi kalata, ina ndi kabuku kolembamo zakukhosi tsiku ndi tsiku, ina ndi mndandanda wa malamulo. Mai Philyaw akutionetsa kuti cimene mkazi walephera kunena pamaso pa mpingo amacitula pa pepala, ndipo cimene cidzatsatire cimatsamira pa munthu amene pepalalo lagwera m'manja mwake. Ife nchito yathu ndi kuika pensulo m'manja mwa amai, ndipo ndife timatolera makope ao n'kumawawerenga. Tsono nkhaniyi ndi yathu ndithu.

Mpingo umene udawalera

Kuti timve bwino nthanozi, tiyambe tadziwa mpingo umene zikuunena. Ukapolo udatha ku United States mu 1865, koma anthu akuda adali atayamba kale kukhala ndi mipingo yaoyao cifukwa ca tsankho la m'machalichi a azungu. Mpingo wa African Methodist Episcopal udakhazikitsidwa ku Philadelphia mu 1816, ndipo bishopu wake woyamba adali Richard Allen. Kwa anthu amene ankanyozedwa pamseu, kunchito ndi kubwalo la milandu, ku chalichi ndiko kumene munthu wakuda ankaitanidwa ndi ulemu. Sukulu zambiri zoyamba za akapolo omasulidwa zidayambira m'machalichi momwemo, akulu ndi ana kuphunzira a, e, i pa benchi limodzi.

Amene adasenza mipingo imeneyi pamutu ndi amai. Ndiwo ankacuruka Lamulungu, ndiwo ankaphika, kusonkha ndalama ndi kuphunzitsa ana. Koma kuguwa kudali kwa amuna. Jarena Lee adaloledwa kulalikira mu 1819, komabe mpingo wake womwewo udadikira mpaka 2000 kuti usankhe bishopu woyamba wamkazi, Vashti Murphy McKenzie. Amai a Baptist adayambitsa msonkhano waowao mu 1900, ndipo mmodzi wa atsogoleri ao adali Nannie Helen Burroughs. Katswiri wa mbiri yakale Evelyn Brooks Higginbotham, m'buku lake la mu 1993 la Righteous Discontent, adafotokoza cifukwa cimene amai amenewa ankalimbikira kwambiri za kabvalidwe, kayendedwe ndi kudzisunga. Azungu ambiri ankafalitsa bodza lakuti mkazi wakuda alibe mwambo, aliyense angathe kumgwira. Amai a mumpingo adayankha bodzalo ndi makhalidwe opanda banga. Ulemu udali cishango cao.

Cishango n'cabwino pankhondo, koma cimalemera. Mwana amene wabadwa n'kupeza amai ake atacinyamula sadziwa nkhondo imene cidadzera. Iye amangomva kulemera kwake tsiku limene amsenzetsa. Nthano za mai Philyaw zimayambira pamenepo.

Mapicesi a Lolemba

Nthano imene yachuka koposa ndi "Peach Cobbler". Dzinali ndi la cakudya cotsekemera ca kwao: mapicesi, onga omwe aja amabala ku Tsangano, ophikidwa mu uvuni pamodzi ndi ufa wa tirigu, shuga ndi batala. Wosimba ndi msungwana Olivia. Lolemba lirilonse amai ake amaphika cakudyaci, koma si ca mwana wao iai. N'ca abusa a mpingo wao, a Neely, munthu wapabanja, amene amabwera kunyumbako tsiku limenelo, kudya, n'kulowa kucipinda. Olivia ali wamng'ono ankakhulupirira kuti abusawo ndiye Mulungu weniweni, popeza ankamva amai ake akuchula dzina la Mulungu kuseri kwa citseko. Tsiku limene abusa sadabwere, amai ake ankataya mapicesi onse ku zinyalala, osampatsa mwana ngakhale kasupuni.

Apa mlembi wacita mwanzeru. Sadataye nthawi kutiuza kuti cigololo ca abusa n'coipa, pakuti wowerenga aliyense akudziwa kale. Iye walunjikitsa maso athu pa mbale ija ndi pa mwana amene akungomva fungo lake. Amai a Olivia si mfiti. Adazolowera kudya makombo a banja la munthu wina, ndipo akuganiza kuti akamzoloweza mwana wao zokoma, dziko lidzampweteka monga lidawapwetekera iwo. Kwa iwo, kummana kumeneko ndi kumlanga. Koma mwana amaphunzira ndi maso. Olivia adadziwa kuphika mapicesi aja pongoonerera manja a amai ake, popanda womuuza muyeso wa shuga. Atakula adatumidwa kukathandiza mwana wamwamuna wa abusa omwewo pa maphunziro, adakondana naye, ndipo adadzazindikira kuti nayenso waikidwa pambali. Paja akulu amati make mbuu, mwana mbuu. Cimene amai sadafune kucinena ndico cimene mwana adatengera.

M'nyumba imeneyi mulibe pepala, mulibe kukambirana. Muli phee, ndi fungo la mapicesi. Tikumbukire zimenezi pamene tikupita ku nthano yotsatira, m'mene mwana wapeza pepala koma wasowa womuyankha.

Kabuku ka Jael

Kwa ife nthano yofunika kuposa zonse ndi "Jael". Jael ndi msungwana wa zaka 14, woleredwa ndi agogo okalamba ndithu, amai a agogo ake. Nthanoyi iri ndi mau a anthu awiri olandizana. Kwina tikuwerenga kabuku kam'seri ka Jael, kwina tikumva agogo akulankhula ndi kupemphera. Agogowa akapeza kabukuko ndipo akumakawerenga mwana akacoka.

M'kabukumo muli zinthu ziwiri zazikulu. Coyamba, Jael walemba kuti mtima wake umakopeka ndi mkazi wa abusa. Caciwiri, walemba za mnzake Kachelle, msungwana wa msinkhu wake, amene akunyengedwa ndi mwamuna wamkulu wa zaka zoposa 30. Agogo awerenga zonse ziwiri. Cimene cawasowetsa tulo ndi coyamba cija. Apemphera, achula Masalimo, adandaula kuti mwana wagwidwa ndi mzimu woipa. Koma za mwamuna wamkulu amene akuononga ana a eni, sadaimirire n'kupita kukagogoda pakhomo pa munthu. Ndipo Jael mwini wake sadamkhazike pansi kumuuza kuti, mwanawe, ndaona zimene walemba, tiye tikambirane. Sangathe, cifukwa akatero aulula kuti amaba mau a mwana.

Amene amadziwa Baibulo aona kale kumene nthano ikulowera. Pa Oweruza 4 pali Yaeli, mkazi amene adapha Sisera ndi cikhomo ca hema munthuyo ali m'tulo. Kumapeto kwa nthano ya mai Philyaw, mwamuna uja wafa nyumba yake itaphulika ndi moto, ndipo wowerenga sacita kufunsa kuti dzanja lidali la yani. Mwana wa zaka 14 waweruza yekha mlandu umene akulu onse adaudziwa n'kukhala cete.

Mlembi sadawaseke agogowa. Cikhulupiriro cao n'coona, cikondi cao pa mwana n'coonanso, ndipo mantha ao tikuwamvetsa. Nthanoyi imapweteka cifukwa ca cimeneco. Agogo adali ndi cinthu cimene makolo ambiri alibe, mtima wonse wa mwana wao wolembedwa pa pepala. Adawerenga kuti apeze chimo, ndipo adalipeza. Kulira kwa mwana kudali pa tsamba lomwelo, koma sadakuone.

Kalata yoyembekeza yankho

Tiike pambali pa kabuku ka Jael nthano ina, "Dear Sister". Yonse ndi kalata imodzi. Nichelle akulembera Jackie, m'bale wake amene sadamuonepo, amene abale ake angomva za iye pa maliro a bambo ao. Bamboyo adabala ana aakazi 5 mwa amai osiyanasiyana, ndipo sadalere bwino ngakhale mmodzi. Pa abalewa pali Renee, wa chalichi kwambiri, amene akufuna kuti malemu akumbukidwe ngati bambo wabwino. Nichelle sakulola. M'kalatamo akusimba zonse, kuledzera kwa bambo, mikangano ya pamaliro, nthabwala za abale, ndi agogo amene nzeru zayamba kuwathawa. Munthu umaseka powerenga, kenaka n'kupeza kuti m'maso mwalengeza misozi.

Kusiyana kwa mapepala awiriwa n'koonekeratu. Kabuku ka Jael kadawerengedwa mwakuba ndipo sikadayankhidwe. Kalata ya Nichelle yalembedwa kuti iwerengedwe, yanena zoona zowawa, ndipo ikuitana mlendo kuti alowe m'banja. Pepala lina lidathera ku moto, lina labala ubale. Kulemba n'komweko. Cosiyana ndi wowerenga, ndi njira imene pepala lamfikira.

Cimene amaiwa akulakalaka

Wina akangomva za bukuli angaganize kuti nkhani yake ndi cilakolako ca thupi basi. Cilipo ndithu, ndipo mlembi sacibisa. M'nthano yoyamba, "Eula", akazi awiri a zaka 40, mabwenzi a kuyambira kusukulu, apita kukagona ku hotela ya m'tauni ina usiku wotsiriza wa 1999. Caroletta, amene akusimba, amamkonda Eula ndi mtima wonse. Eula amabwera ku hotelako caka ndi caka, koma kukaca amati sizidacitike, iye akudikira mwamuna amene Mulungu adzamtumizire. Mpingo udamphunzitsa kuti mkazi wosakwatiwa ali pa mzere, moyo wake sudayambe. Mu "Snowfall" muli akazi awiri okhala pamodzi mumzinda wozizira wa kumpoto, ndipo cimene cikuwadya ndi kusowa amai ao, mau ao ndi zophika zao za kum'mwera. Mipingo yathu iri ndi ciphunzitso cake pa nkhani ya cikondi ca akazi okhaokha, ndipo bukuli silikutsutsana ndi ciphunzitsoco ndime ndi ndime. Likungotionetsa anthu ake, ana a mumpingo, ndi cimene cimawacitikira amai akaleka kuyankha lamya.

Koma tikawerenga nthano zonse 9 timaona kuti pansi pa njala ya thupi pali njala ina. Lyra, mphunzitsi wa zojambula mu "How to Make Love to a Physicist", adakula amai ake akummanga ndi lamba wothina wam'kati kuti thupi lisagwedezeke popita ku chalichi. Wafika zaka za umai asadadziwe kuti thupi lake ndi lake. Tsiku limene wabvula lamba uja ndi lalikulu m'nthanomo kuposa tsiku limene wakumana ndi mwamuna. Ndipo m'nthano yotsiriza, "When Eddie Levert Comes", mkazi akusamala amai ake odwala matenda oiwala, amene tsiku ndi tsiku amadzikonza kudikira woimba wa gulu la O'Jays. Amaiwa pamene adatembenuka mtima adapereka cikondi cao kwa Yesu ndi kwa ana ao aamuna. Wamkaziyo, amene lero akuwasambitsa ndi kuwadyetsa, aliyense amangomuitana kuti Daughter, ndiye kuti mwana wamkazi, ngati kuti dzina alibe. Mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo, ndipo iye sadawataye. Koma cimene akulakalaka n'caching'ono zedi: kuti amai ake amzindikire, amuitane. Amai a m'bukuli akufuna kuti wina awadziwe monga aliri, osati monga amaonekera Lamulungu atabvala cipewa.

Pamene bukuli likucepa

Tisalitame mopitirira. Coyamba, amuna a mumpingo m'bukuli ndi osalala ngati cithunzi ca pakhoma. Abusa a Neely amadya ndi kucita cigololo, ndipo sitimva kanthu kena za iwo. Amuna abwino amene alimo ambiri ali kunja kwa chalichi. Mlembi ali ndi ufulu wosankha anthu ake, koma mpingo umene udamanga masukulu ndi kuyenda pamseu kumenyera ufulu wa anthu akuda udali ndi amuna enanso.

Caciwiri, mai amene cikhulupiriro cimampatsa mphamvu ndi cimwemwe sapatsidwa mpata wokwanira wolankhula. Okhulupira ambiri timawaona ndi maso a ana ao opwetekedwa. Agogo a Jael ndiwo apatsidwa mau aoao mokwanira, ndipo n'cifukwa cake nthano yao ndi yolemera kuposa zinzake. Tikadakonda kumva mmodzi wa amai aja amene adaika mwana m'manda, kapena adathawidwa ndi mwamuna, ndipo amene adawadzutsa ndi anzao a mumpingo obwera ndi nkhuni ndi ufa. Amai otere tikuwadziwa, ndipo nawonso ali ndi moyo wao wam'seri.

Cacitatu, nthano ya "Instructions for Married Christian Husbands", m'mene mkazi akupereka malamulo kwa amuna apabanja ofuna kuyenda naye, imaseketsa ndipo imabaya abambo acinyengo pamalo pake. Koma ndi nthabwala imodzi yokokedwa, ndipo mkaziyo timamsiya tisadamdziwe monga tamdziwira Olivia kapena Jael.

Ngakhale ziri tero, bukuli ndi loona pa cinthu cimodzi cimene mabuku ambiri amacilambalala. Malamulo olemera pa akazi, amene amawalondera usana ndi usiku kawirikawiri ndi akazi anzao: amai, agogo, alongo a mumpingo. Amacita izi cifukwa ca cikondi ndi mantha, ndipo cikondi cimeneci cikasowa kukambirana cimabala ana odziwa kubisa.

Tsono ife atsogoleri a makalasi

Zimenezi si za ku America kokha. Kuno kwathu Paulina Chiziane, amene adalandira Prémio Camões mu 2021, adalemba Niketche mu 2002, nkhani ya Rami, mkazi wokwatiwa ukwati wa mpingo ndi wa boma, amene apeza kuti mwamuna wake Tony ali ndi akazi ena anai. Iyo ndi nkhani yaitali, ndipo dziko lake ndi lathu lino, koma funso ndi lomwelo: mkazi amene waphunzitsidwa kuti banja ndi kupirira, mau ake akawatula kuti?

M'makalasi athu ambiri amai ndiwo acuruka. Timasangalala mai akalemba dzina lake koyamba, akawerenga yekha cikalata ca kucipatala, akapeza yekha nyimbo m'buku. Koma dzanja limene ladziwa kulemba dzina silithera pomwepo. Lidzalemba kalata kwa mwana ali ku Joni, lidzalemba ngongole, ndipo tsiku lina lidzalemba cimene mwini wake sadauzepo munthu. Walira mvula walira matope. Ife amene tidapempha kuti amai aphunzire kulemba tisadabwe zikayamba kutuluka.

Nthano ya Jael ikutipatsa zoti tiganizire pa misonkhano yathu ya atsogoleri. Kope la wophunzira ndi lake. Tiwerenge tsamba limene watipatsa, masamba ena tiwasiye, ndipo zimene taona zisafike kwa mwamuna wake, kwa akulu a mpingo kapena ku cigwirizano popanda iye kubvomera. Ngati mai walemba zowawa m'malo mwa ciganizo cimene tidampatsa, tisathamangire kukonza malembo ndi colembera cofiira n'kubweza kope ngati sitidaone kanthu. Timuone payekha, timfunse ngati akufuna kukamba. Ndipo ngati ndi msungwana amene walemba za mwamuna wamkulu womsautsa, tisayambe ndi kufufuza chimo la mwanayo. Mlandu uli kwa wamkuluyo, ndipo nkhani yotere siisungidwa. Timuuze mwanayo poyera kuti tikupita nayo kwa anthu amene angamteteze, ndipo tipite nayo ndithu.

Amene mukufuna poyambira, yesani phunziro la kalata. Aliyense alembere m'bale amene sadaonane naye nthawi yaitali, mizere isanu yokha, monga adacitira Nichelle. Amene afuna kuwerenga yake pagulu awerenge. Amene safuna aipinde, aike m'thumba, apite nayo kwao, ndipo sabata yamawa tisamfunse.